Dimba la Mudzi ndi Malo Oimika Magalimoto

Chaka ndi chaka, mvula ikaleka ndipo chimanga chalowa m'nkhokwe, ife alangizi timayenda m'madambo kuona madimba. Timalankhula za nazale, za manyowa ndi za madzi. Koma lero, makolo anga ndi abale anga alimi, ndifuna kunena za kumene ndiwozo zipita zikachoka m'dimba, pakuti kumeneko ndiko anthu athu ali kupwetekera.

Inu amene munayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kunka ku Ntcheu mudziwa m'mene pakhalira pa Lizulu. Matimati, kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere ziunjikidwa m'mphepete mwenimweni mwa phula. Basi ikaima, amayi ndi ana athamangira ku mazenera ndi mabeseni pamutu, ena nadutsa msewu osayang'ana uku ndi uko. Lole yodzagula katundu iima pomwepo, matayala ena pa phula, ena pa dothi, chifukwa palibe pena poima. Mu 2019 lole inalowa pakati pa anthu pa msika wa Kampepuza, ku Ntcheu komweko, nipha anthu oposa 10 nthawi imodzi.

Boma lili nalo lamulo pa nkhani imeneyi. Pa msewu waukulu wonga M1, malo okwana mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali iyi ndi mbali inayo, ndi a msewu. Amenewa ndi mayadi ngati 33. M'menemo simuyenera kulima, kumanga nyumba kapena kukhoma benchi yogulitsirapo. Bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority ndilo lisunga malowo, kuti woyendetsa galimoto aziona patali, kuti ngalande zizitenga madzi, ndiponso kuti galimoto yophonya msewu ipeze udzu m'malo mwa anthu.

Ine ndiyesa lamuloli ndi labwino ndithu. Koma kupirikitsa anthu kokha sikuthandiza. Mayi amene wathirira matimati miyezi itatu ndi kheni sangawaonerere ali kuola m'dengu. Mukamchotsa lero, mawa m'mamawa ali pomwepo, pakuti wogula ali pa msewu. Ndipo wogulayo aima pa msewu chifukwa mudzi sunampatse poima.

Tsono apa ndi pamene nkhani ya malo ilowa. Mu 2016 Boma linakhazikitsa lamulo la malo a makolo, lotchedwa Customary Land Act. Lamuloli linena kuti m'dera la a gulupu mukhale komiti ya malo. Wapampando ndi a gulupu omwewo, pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'midzi, ndipo mwa iwo atatu kapena oposa akhale amayi. Lilolanso kuti malo ena apatulidwe akhale a anthu onse, osati a banja limodzi. Kumene komiti isanakhazikitsidwe, nkhani iyambira kwa anyakwawa monga kale.

Midzi yambiri imene ndiyendamo yamva kale ubwino wa dimba la mudzi wonse. Mpanda ukhala umodzi, mbuzi sizilowa. Pampu imodzi yopondaponda ithandiza mabanja angapo. Mayi wamasiye amene alibe malo ku dambo alandira mabedi ake awiri kapena atatu. Mlangizi aphunzitsa anthu onse tsiku limodzi, m'malo moyenda dimba ndi dimba. Zonsezi nzoona. Chimene sindinamve anthu akuchipempha ndi malo achiwiri, ogulitsirapo. Dimba la mudzi lidzatulutsa ndiwo zambiri koposa kale, ndipo zonse zidzapsa sabata imodzi. Mukapanda kukonza kopita nazo, mwangochulukitsa amayi oima pa phula.

Chifukwa chake ndinena kuti pokapempha malo a dimba, pemphaninso kachigawo kena pafupi ndi msewu koma kunja kwa mamita 30 aja. Sikafunika kukhala kakakulu. Kakhale posalala, osati pa mtsetse kapena pokhota msewu, chifukwa pamenepo ndi pamene lole yolemera ikanika kuima. Pakhale polowera pake ndi potulukira pake, kuti galimoto isabwerere chambuyo pakati pa anthu. Kubwerera chambuyo nkoopsa kwambiri: woyendetsa lole saona mwana amene waima kuseli kwake, ndipo ana athu akonda kukhala mumthunzi wa galimoto dzuwa likatentha. Pakati pa oimika magalimoto ndi mabenchi ikani mzere wa miyala yaikulu kapena nsanamira zolimba, ogulitsa akhale kuseri kwa mzerewo. Lole yoima poikira katundu aiike mwala kapena chipika ku tayala. Ndipo musatseke ngalande ya msewu ndi dothi popanga polowera. Kauzeni a Khonsolo ndi a misewu poyamba, iwo ndiwo aloleza ndi kuonetsa poyenera.

Ena adzati wogula sadzapatuka, adzangopitirira kwa anzathu a mudzi wina. Mantha amenewa ndiwamva. Koma wogula ndiwo zambiri, wa lole kapena wa kagalimoto kotsegula kumbuyo, afuna malo oti aime nthawi, ayese katundu ndi kukweza mosathamanga. Iye ndiye atenga madengu khumi. Wa pa zenera la basi agula mulu umodzi, nthawi zina basi ninyamuka asanalipire. Chovuta chenicheni ndi chakuti onse asamuke pamodzi, pakuti akatsala awiri pa phula, ena onse adzabwerera. Pamenepo mawu a mfumu afunika koposa chikwapu cha Boma.

Amayi atatu a m'komiti aja ndiwo ayenera kuyambitsa nkhaniyi pa bwalo, chifukwa ndiwo adziwa kulemera kwa beseni ndi mphepo ya lole ikamadutsa pafupi. Yambani tsopano mbande zikali pa nazale. Mukaitana mlangizi wa kwanu kudzayesa mabedi a dimba, muuzeni abwere ndi chingwe chake choyesera, ayesenso mamita 30 a ku msewu tsiku lomwelo.