Kalata kwa Mphwanga: Mwini Dzina la pa Buku Lonenepa Lija

Wokondedwa mphwanga,

Amayi akupereka moni, ati usamagone ndi njala chifukwa cha mabuku.

M'kalata yako unadandaula za buku lonenepa lija la Advanced Inorganic Chemistry, limene inu ophunzira mumangolitchula kuti Cotton ndi Wilkinson, ndipo unafunsa ngati amene analilembawo anali ndi chifundo n'komwe. Ndinaseka, paja nanenso linanditulutsa thukuta. Koma ukamva kumene linachokera mwina uyamba kulinyamula ndi mtima wina, choncho ndikuuze za mmodzi wa eni ake.

Geoffrey Wilkinson anabadwa pa 14 Julaye 1921 ku Todmorden, tauni yaing'ono kumpoto kwa England. Bambo ake anali mmisiri wopenta nyumba, mayi ake ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu. Wachibale wina wamkulu anakwatira kubanja la eni kafakitale ka mankhwala, ndipo n'kumeneko kumene mnyamatayu anayamba kusewera ndi mabotolo a mu labotale. Mu 1939 anapeza thandizo la maphunziro n'kupita ku Imperial College ku London. Nkhondo ili mkati, mu 1943, anamutumiza ku Canada kukagwira nawo ntchito ya mphamvu za nyukiliya. Kuchoka uko mu 1946 anakakhala zaka zinayi ku Berkeley pansi pa Glenn Seaborg, kenako chaka chimodzi ku MIT, ndipo mu 1951 anayamba kuphunzitsa ku Harvard.

Apa ndiye pagona nkhani. Kumapeto kwa chaka chomwecho akatswiri awiri a ku Pittsburgh, Kealy ndi Pauson, analengeza kuti apanga mwangozi ufa wa mtundu wa lalanje. Mu ufawo atomu imodzi ya chitsulo inali itagwirana ndi mphete ziwiri, iliyonse ya maatomu asanu a kaboni. Pojambula, iwo anaika chitsulo pakati ngati munthu wotambasula manja, dzanja lililonse litagwira mphete pa malo amodzi okha. Koma zinthu zimene chitsulo chagwirana ndi kaboni mwanjira imeneyo zinkadziwika kuti sizichedwa kuwonongeka. Ufa uwu unali wina: mpweya sunauchite kanthu, madzi sanauchite kanthu, ukautenthetsa unkapirira modabwitsa.

Wilkinson atawerenga anakana kuti chithunzicho n'choona. Anagwirizana ndi Robert Woodward wa pa Harvard pomwepo, pamodzi ndi anyamata awiri, Rosenblum ndi Whiting, n'kuyamba kuyeza. Anapeza kuti maatomu onse khumi a haidirojeni amene ali pa mphetezo amaoneka ofanana ndendende, zimene sizikanatheka chitsulo chikanagwira kaboni mmodzi yekha mbali iliyonse. Yankho lawo la mu 1952 linali lakuti mphete imodzi yagona pamwamba, ina pansi, chitsulo chili pakati ngati chiponde pakati pa magawo awiri a buledi, ndipo chikugwira makaboni onse khumi mofanana. N'chifukwa chake m'bukumo ukuona mawu akuti sandwich. Ufawo anaupatsa dzina lakuti ferrocene. Ku Munich, Ernst Otto Fischer anafikanso pa yankho lomwelo payekha.

Akulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wilkinson anali atangochoka ku za nyukiliya, maso ake anali asanazolowere zimene ena ankangozivomera. Sanaimenso pa chitsulo chokha. Anayesa ruthenium, cobalt ndi zina, n'kuonetsa kuti ferrocene si mwana yekhayo, ndi woyamba chabe m'banja lalikulu. Komabe Harvard sinamupatse mpando wokhazikika. Mu 1955 Imperial College inamuitana kuti akhale pulofesa wa inorganic chemistry, ndipo anabwerera kwawo ali ndi zaka 34 zokha.

Ku London n'kumene kunatuluka chinthu chachiwiri chimene udzakumana nacho pa mayeso, chotchedwa Wilkinson's catalyst, cha m'ma 1965. Ngati mawu akuti catalyst akukusokoneza, ganizira za nkhoswe. Imakumanitsa mabanja awiri, ukwati umamangidwa, koma iyo siikwatira. Mawa ikamanganso wina. Nkhoswe ya Wilkinson ndi ufa wofiirira, wokhala ndi atomu ya rhodium pakati. Imagwira haidirojeni, imagwiranso molekyulu yokhala ndi makaboni awiri omangana kawiri, n'kuzilumikiza, kenako n'kutsala yokha kudikira zina. Chachilendo chinali chakuti imasungunuka m'madzi a mankhwala omwewo amene mukuchitikira ntchitoyo, ndipo imagwira popanda moto waukulu kapena kupanikiza mpweya kwambiri. Motero akatswiri anatha kutsatira phazi ndi phazi mmene nkhosweyo imayendera, nzeru imene yathandiza opanga mankhwala a m'chipatala ndi a m'mafakitale. Udziwenso kuti rhodium yambiri ya padziko lapansi imachokera kuno kummwera kwa Africa, makamaka m'migodi ya pulatinamu ya ku South Africa, monga ya kufupi ndi Rustenburg.

Mu 1973 Wilkinson ndi Fischer analandira mphoto ya Nobel. Woodward, amene anali atalandira kale yake mu 1965 pa ntchito ina, sanakondwe kuti amusiya, mpaka analembera kalata a komiti ya mphotoyo. Usadabwe, nawonso akatswiri ndi anthu. Mu 1976 Wilkinson anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir, ndipo anagwirabe ntchito mu labotale ya ku Imperial mpaka imfa yake pa 26 Seputembala 1996.

Nanga buku lija? F. Albert Cotton anali wophunzira wa Wilkinson ku Harvard. Mphunzitsi ndi wophunzira wake analitulutsa koyamba mu 1962, pa nthawi imene ambiri ankaona phunziroli ngati longoloweza mitundu ya mchere ndi maonekedwe ake. Iwo anafuna kuti wowerenga azifunsa chifukwa chake chinthu chili choncho, maatomu akhala bwanji, agwirana motani. Linakonzedwa kangapo, ndipo lachisanu ndi chimodzi linatuluka mu 1999. Kunenepa kwake n'chifukwa chakuti phunzirolo linakula m'manja mwawo.

Choncho usaliloweze ngati nyimbo. Ukaona chithunzi cha molekyulu, funsa kuti anadziwa bwanji, anayeza chiyani. Funso limeneli ndi limene linakonza chithunzi cha Kealy ndi Pauson. Ukabwera pa tchuthi ndidzakupatsa kamtengo undijambulire ferrocene pabwalo, undiuzenso chifukwa chake maatomu khumi aja ali ofanana.

Ine mkulu wako.