Katundu Wina Akubwera pa Shipi

Kwathu ku Ndirande ulendo amauyeza ndi katundu. Ukhoza kukafika kumene dzuwa limalowera, koma ukabwera wopanda chinthu choti anthu achigwire m'manja, ndiye kuti sunapite. Muyeso umenewu anatisiyira ndi agogo athu a nthawi ya Wenela, amene ankabwera kuchokera ku Joni ndi njinga, mabulangete ndi bokosi lachitsulo lotseka ndi loko. Agogo anga aamuna anapitako kawiri, ndipo makina a Singer amene anabwera nawo adakasokabe pakhonde pathu ku Goliyo. Dr Banda anaimitsa maulendo a Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Koma muyeso uja sunaime nawo.

Ine ndinapita ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mu September 2011, ndili m'chaka chomaliza cha dipuloma ya utolankhani. Inali teremu imodzi basi, miyezi inayi, mwa makonzedwe osinthana ophunzira. Ndalama imene ankatipatsa inkathera chipinda, basi ndi chakudya. Komatu inu mukudziwa, ukanena kuti "ndikupita ku Ulaya" mawu oti "miyezi inayi" palibe amawamva. Achemwali anafuna foni. Malume anandilembera nambala ya nsapato papepala. Mkulu wa kwaya kutchalitchi anandikokera pambali n'kundiuza kuti kwaya yathu yavutika nthawi yaitali popanda kiibodi.

Za kuzizira sinditaya nazo nthawi, aliyense wobwera uko amanena zomwezo. Mu December isanakwane 4 koloko masana kunja kunali kutada bii. Chingerezi chawo, ine amene ndinakhoza bwino MSCE, chinanditengera mwezi kuti ndiyambe kutolako. M'basi munthu mumakhala naye mpando umodzi ulendo wonse osakufunsa n'komwe kuti kunyumba mwawasiya bwanji.

Chimene chinandikhala mumtima ndi tsiku limene ndinakwera sitima kupita ku Blantyre. Eetu, Blantyre winayo, mwini dzina, ulendo wa mphindi ngati 20 kuchokera ku Glasgow. Ndi katauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, koti ku Ndirande kokha anthu ndi ochuluka kuposa kumeneko. Amishoni a Church of Scotland atafika kuno mu 1876 anatcha malo athu dzina limeneli pokumbukira kwawo kwa David Livingstone. Nyumba imene iye anabadwiramo mu 1813 ilipobe, amaitcha Shuttle Row. Ine ndinkayembekezera chinyumba cha bwana. Ndinapeza mdadada wa antchito a pafakitale ya thonje, mmene munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. Kuphika momwemo, kugona momwemo, makolo ndi ana. Mwanayo anayamba ntchito m'fakitale ali ndi zaka 10, kulowa 6 koloko m'mawa kuweruka 8 koloko usiku, kenako sukulu.

Ndinaima m'chipindamo n'kuseka ndekha, mayi wolondolera alendo mpaka kundicheukira. Imeneyi inali Ndirande yeniyeni: nyumba za lendi zamdadada, fakitale ya nsalu chapafupi ngati mmene David Whitehead ilili kwa ife, ana ogona pansi mothithikana. Ndinamvanso kuti mu 1877, patangotha chaka chimodzi Blantyre wathu atapatsidwa dzina, mgodi wa malasha unaphulika ku Blantyre wawoyo n'kupha anthu oposa 200. Kusukulu anatiphunzitsa za mzungu wobwera ndi kuwala. Sanatiuze kuti kwawo ankachokera m'chipinda chimodzi, ndiponso kuti umphawi woterowo anthu akhoza kuuthetsa pa mibadwo yowerengeka. Katundu wamkulu amene ndinanyamula ku Scotland anali ameneyu, ndipo vuto lake n'lakuti sagawika.

Ndinatera pa Chileka mu January 2012. Galimoto imene malume anabwereka kuti adzanditenge inali itagona masiku awiri pamzere wa petulo. Ndinachoka kuno mavuto a mafuta atayamba kale, patangopita milungu yochepa chichitikireni za pa 20 July, koma zimene ndinapeza zinali zina. Dziko lonse linali la zigubu. Minibasi zinali zochepa, mtengo wokwera kondakitala ankautchula poyang'ana nkhope. Wanga anautchula poyang'ana sutikesi.

Kunyumba amayi anali atapha nkhuku. Titadya, pakhonde panadzaza. Palibe ananena kuti tsegula, koma maso onse anali pomwepo. Ndinatsegula: mabuku 11, jekete lochindikala logula pa kaunjika wa komweko, chokoleti, mpango wa amayi, ndi mapaundi 40 m'envulopu. Panangoti zii.

"Basi zomwezi, mwana wa achimwene?" anafunsa azakhali.

Ndisanatsegule pakamwa amayi anayankha, uku akupinda mpango wawo mosamala: "Katundu wina akubwera pa shipi, alamu. Wolemera sakwera ndege."

Sitinapangane. Mpaka lero sitinakambiranepo za mawu amenewo. Ndinangoona kuti mayi amene kwa miyezi inayi ankayenda mutu uli m'mwamba popita kumpopi sakanalola kuti ulemu wake uthere pakhonde pake pomwe. Kuyambira tsiku limenelo moni wanga m'njira unasintha. "Mwadzuka bwanji aSikochi, shipi ija yafika pati?" Ndinkayankha kuti ili ku Beira, ikudikira mafuta. Pa nthawi imeneyo yankho lotere aliyense ankalikhulupirira.

Chimene chinandipweteka kwambiri si shipi ayi. N'chakuti ndinalandidwa ufulu wodandaula. Ndisanapite, magetsi akazima ndinkatukwana limodzi ndi anzanga, ndipo linali dandaulo la mwana wa Ndirande. Nditabwera, mawu omwewo anasanduka matama. "Iii, pepanitu azungu, kuno ndi choncho." Mpopi ukauma, ine ndinkayenera kunyamula ndowa mwakachetechete kuposa wina aliyense. Ndipo mbali ina anali ndi chifukwa. Pa 24 September 2011, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, anapezeka atafa pakolejipo. Apolisi anati wadzipha; bungwe lofufuza linadzapeza mu 2012 kuti anachita kuphedwa. Ine nkhaniyi ndinaiwerenga pa intaneti, m'laibulale yofunda. Anzanga anaimva pakhungu. Nditabwera ndinapeza akulankhula motsitsa mawu, akucheuka kaye asanatchule dzina la munthu wamkulu. Miyezi inayi imeneyo iwo anali nayo yawo, ine ndinalibemo gawo.

Nkhani ya Shuttle Row ndinayesa kuifotokoza. Malume anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Ndiye iwe mphwanga, unakwera ndege kukaona umphawi wa azungu? Wakuno unatha?" Pakhonde panali phwete.

Agogo okha ndiwo sanaseke. Madzulo ena anandiitana, n'kundifunsa ngati mgodi unaphulikawo unali wa golide kapena wa malasha, komanso ngati mitembo anaitulutsa. Anakhala chete nthawi ndithu, akutsokomola chifuwa chawo chija cha ku Joni. Kenako anandiuza, motsitsa mawu, kuti ulendo wachiwiri bokosi lachitsulo analidzaza ndi mabulangete awo akale kuti lioneke lolemera potsika basi. Ndalama zinali zitathera matenda ndi ngongole. Agogo aakazi anadziwa, n'kuliika bokosilo kuchipinda osalitsegula pagulu. "Makina aja ndi a ulendo woyamba," anatero. "Wachiwiri ndinabwera ndi chifuwachi."

Mapaundi aja malume analangiza kuti tiwasunge, kwacha igwa posachedwa. Ananena zoona: Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April, ndipo mu May kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Koma amayi anali atawasinthitsa kale mu February, mwezi wa njala, n'kugula chimanga ndi kulipira fizi ya mlongo wanga wamng'ono. Jekete linapita kwa malume omwewo, amene ankalondera usiku ku Makata, ndipo linawachinga chiperoni zaka zisanu ndi chimodzi. Kwaya inadzagula kiibodi ndi ndalama za pepala Sande.

Agogo anatisiya mu 2015. Pamaliro, anthu atabalalika, azakhali anabwera kudzakhala pafupi nane pamkeka, maso ali ofiira. Anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ku Beira kwamveka chilichonse.