Denga la Galimoto Nalonso ndi Amana

Galimoto yoyenda m'mapiri a Dedza imafuna denga lopirira nyengo ziwiri. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni chiperoni chimalowa mpaka m'mafupa. Koma ukatsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti ndi Mtakataka, dzuwa la kunyanja limatenthetsa chitsulo ngati chiwaya.

Lona ya Land Cruiser yakale ya mzikiti wathu itang'ambika, akuluakulu anandituma kukakambirana ndi mmisiri wowotcherera za denga latsopano. Achinyamata ankafuna malata ochindikala ndi kariyala pamwamba. Mmisiriyo anakana, nati katundu akachuluka m'mwamba, galimoto imapendama pamakona a phiri ndipo sichedwa kugubuduzika.

Choncho tinayamba ndi kuganizira anthu odzakhala pansi pa dengalo. M'litali mwake tinayeza ndi jeneza, kuti thupi la m'bale wathu lisanyowe popita kumanda. Msinkhu wake tinayeza ndi mayi woyembekezera atakhala tsonga pa ulendo wa kuchipatala. Mizati tinasankha ya mapaipi opepuka koma olimba. Pamwamba tinaika lata lopyapyala lopendekera kumbuyo kuti madzi azitsika, ndipo m'mbali tinakoloweka lona yopinda, yotseka kumapiri ndi kutsegula kunyanja.

Ana a kumadrasa ndimawaphunzitsa kuti amana ndi chilichonse chimene Allah watisungitsa. Moyo wa wokwera ndi amana, ulemu wa womwalira ndi amananso. Abale anga, musanalipire mmisiri, yambani mwamufunsa kulemera kwa denga lake.