Nthano za Agogo pa Kompyuta ya Amalume

Mvula ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, inalowa m'nyumba mwathu ku Ndirande n'kunyowetsa makope atatu amene ndinalembamo nthano za agogo anga. Kope limodzi linafufutikiratu. Agogo akadali moyo, koma ayamba kuiwalaiwala, choncho ndinaganiza zoika pa intaneti nthano zimene zinapulumuka.

Mnzanga wina wa m'kalasi anandiuza za Hugo, pulogalamu yaulere imene Steve Francia anayambitsa mu 2013. Munthu amalemba nkhani zake m'mafayilo wamba, ndipo pulogalamuyi imawasandutsa masamba a pa intaneti okonzeratu. Chinandikopa n'chakuti ntchito yambiri imatheka popanda intaneti. Bandulo imafunika potenga pulogalamuyo ndi potumiza masamba basi.

Ndinaiika pa kompyuta yakale ya amalume, ya Windows. Nditalemba lamulo lakuti "hugo version", kompyuta inayankha kuti sikulidziwa. Kwa masiku awiri ndinkaganiza kuti fayilo ndi yowonongeka, n'kumaitenganso, bandulo n'kumatha. Paja safunsa anadya phula. Nditafunsa mnzanga uja, anandifotokozera kuti kompyuta imafunafuna mapulogalamu m'mafoda olembedwa pa mndandanda wotchedwa PATH, ndipo foda yangayo panalibe. Nditaiwonjezera, zonse zinayenda.

Patatha chaka ndinaika Hugo watsopano m'malo mwa wakale, ndipo masamba anakana kutuluka. Mtima unangoti phwii, ndinakumbukira makope aja. Vuto linali chovala cha masambawo, chimene amachitcha theme: chinali chakale, chosagwirizana ndi pulogalamu yatsopanoyo. Nthano zonse zinali zosakhudzidwa m'mafayilo awo. Ndinatenga chovala chatsopano, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindisintha kanthu ndisanasunge zonse pa flash.

Madzulo ake ndinalemba "hugo server", masamba anaonekera, ndipo ndinawawerengera agogo nthano ya Kalulu ndi Fisi. Anamvetsera mpaka pakati, kenaka anandidula.

"Mdzukulu wanga, Kalulu sananene choncho. Wadumpha nyimbo."

"Pepani agogo, tayimbani ndilembe."

Anayimba yonse osaphonya liwu, ngakhale kuti m'mawa mwake anali ataiwala dzina la mlongo wanga. Ndinatsegula fayilo n'kuyamba kulemba msangamsanga, poopa kuti magetsi angathime asanamalize.