Iwo anamudikira mnzawo

Bambo anga ankakonda Don Williams, choncho nyimbo za country ndinakula nazo. Koma gulu limene ndinadzisankhira ndekha ndi Lady A la ku Nashville, limene Hillary Scott, Charles Kelley ndi Dave Haywood anayambitsa mu 2006. Atatuwa samangoimba, nyimbo zawo zambiri amapeka okha. "Need You Now", imene anapeka limodzi ndi Josh Kear, inawapezetsa mphoto za Grammy mu 2011.

Komabe chimene chimandisowetsa tulo si mphotozo ayi. Mu Ogasiti 2022 anaimitsa ulendo wokaimba m'mizinda ya ku America mpaka chaka chotsatira, kuti Kelley athandizidwe kusiya mowa. Sanasake woimba wina. Anamudikira. Haywood anathandizanso mnzakeyo kupeka "As Far As You Could", nyimbo yotsanzikana ndi mowa.

Ife pa kwateti yathu ya kutchalitchi sitinatero. Mnzathu woimba besi atabwera kokonzekera nyimbo akununkha kachasu, tinamuchotsa pa gulu la WhatsApp usiku womwewo, Sabata lotsatira n'kuimba ndi wina. Amene anamuchotsayo ndine. Tinkati tikuteteza mbiri ya gulu, koma palibe amene anamufunsa chimene chinkamudya mumtima.

Mwezi watha ndinakumana naye kudepoti. Anandigwira chanza n'kufunsa kuti, "Achimwene, mukuimbabe?" Ndinasowa poyang'ana.

Nambala yake ndikadali nayo. Lachisanu lino, tisanakumane kokonzekera nyimbo, ndimuimbira foni, ndipo woyamba kupepesa ndikhala ine.