Ka paipi kobisala kumbuyo kwa wilo

Pa nyumba zambiri muno mu Lusaka motoka ni imodzi, koma nchito zake ni zambiri. M'mawa imapereka ana ku sukulu, pa Sondo ili ku tchalitchi, usiku wina imathamangitsa ambuya ku chipatala, ndipo kukagwa maliro kumudzi imanyamula banja lonse ulendo wa ku Chipata. Atate akayamba kudandaula kuti usiku maso saona bwino pa msewu, makiyi amabwera kwa ise achinyamata. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse cha pa motoka ija chimakhala pa mutu pathu, olo zija zimene sizioneka.

Chimodzi mwa izo ni ka paipi ka labala kamene kali kumbuyo kwa wilo, kamene amakanika amati brake hose. Tikaponda buleki, phazi limakankha brake fluid m'mapaipi achitsulo pansi pa motoka. Koma wilo imadumpha m'maenje, ndipo za kutsogolo zimakhota na chiwongolero, ndiye chitsulo sichingafike mpaka pa wilo, chingathyoke. Mbali yotsalayo imalumikizidwa na labala yolukidwa ulusi mkati. Mphamvu yoimitsa motoka yodzala anthu imapita mu ka paipi konenepa ngati chala.

Labala imakalamba na zaka, olo motoka isayende ngako. Ma Corolla, ma Spacio na ma Noah amene timayendetsa anachokera ku Japan atagwira kale nchito, ambiri polowera pa Nakonde. Mita ingaonetse makilomita ochepa, koma mapaipi angakhale omwe aja a ku fakitale. Tikaonjezapo kutentha kwa Okutobala, matope a nyengo ya mvula na maenje a m'komboni, labala imauma na kuyamba kung'ambika.

Kuyang'ana sikufuna ndalama. Timaimika motoka pamalo osatsetsereka, kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, na kuunika na tochi ya foni kumbuyo kwa wilo. Timafuna ming'alu, malo onyowa pamene labala ikumana na chitsulo, dzimbiri, kapena pamene paipi yakhala ikukhuzana na tayala. Ndiyeno wina aponde buleki mwamphamvu injini ikulira, wina ayang'ane. Paipi ikatupa ngati chithupsa, yatha nchito, isadikire kumapeto kwa mwezi.

Nthawi zina paipi imafera mkati kunja ikuoneka bwino. Labala ya mkati ikasupuka, fluid imapita ku wilo koma imalephera kubwerera, ndiye buleki imatsala itagwira. Motoka imakokera mbali imodzi, wilo imodzi imatentha kupambana zinzake, ndipo ma pad a mbali imeneyo amatha msanga. Anthu amagula ma pad atsopano kawiri katatu, chikhalirecho wolakwa ni paipi.

Fluid nayo ili na khalidwe lake: imamwa chinyezi. Ya DOT 3 ikakhala yatsopano siwira isanafike madigiri 205, koma ikamwa madzi ingawire pa 140 chabe. Pa mtsetse wautali ngati wa Manenekela pa Great East Road, motoka ili na anthu asanu na matumba a unga, mabuleki amatentha ngako. Fluid ikawira, chopondapo chimafewa na kumira pansi. Ni chifukwa chake opanga motoka ambiri amalangiza kuisintha pakapita zaka ziwiri, ndipo mtundu woyenera unalembedwa pa chivundikiro cha kabotolo kake. Oilo ya injini isalowemo olo dontho, imatupitsa labala yonse ya mabuleki.

Tsiku losintha likafika, timaimirira pafupi na amakanika. Mapaipi amasinthidwa awiriawiri, kumanzere na kumanja, chifukwa anakalamba pamodzi. Tiwasha ta kopa ta pa bawuti tikhale tatsopano. Paipi isapotoke poimanga, ndipo isakhudze tayala chiwongolero chikafika kumapeto. Caliper isalendewere pa paipi, aikoloweke na waya. Motoka ikhale pa ma stand, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Pomaliza achotse mpweya wonse m'mapaipi mpaka chopondapo chilimbe, ndipo tiyese mabuleki pang'onopang'ono pamalo opanda anthu tisanalowe mu Great East.

Tonse timadziwa nzeru za pa msewu: kumanga na malegeni, kapena kutsina paipi yodontha na pulaya kuti tikafike. Malegeni amagwira bampa, koma mphamvu ya fluid sangaikwanitse, ndipo paipi yotsinidwa itanthauza wilo yopanda buleki. Ya salaula yochotsedwa pa motoka yakufa nayo ili na zaka zomwe zija tikuthawa. Nyali kapena galasi lakale tingagule, koma paipi ya buleki ikhale yatsopano.

Chovuta kwenikweni ni kukamba na eni ndalama. Pa nyumba pali lendi, fizi na malaiti, ndipo motoka ikali kuima bwinobwino. Atate angayankhe kuti, "Fitness ya RTSA tili nayo, chavuta n'chiyani?" Pepala lija limanena za tsiku limene anaiyeza, pamene labala imapitiriza kukalamba miyezi yonse yotsatira. Sitikangana nawo. Timawaitana kuti, "Atate, bwerani muone," na kuwapatsa tochi. Mng'alu umene munthu waona na maso ake safunsanso kawiri.

Paipi ikaphulika, motoka zamakono zimatsala na theka la mabuleki chifukwa njira za fluid ni ziwiri, koma chopondapo chimamira ndipo mtunda woimira umatalika. Pa mphambano ya Kabwe Roundabout madzulo, kapena pamene ana akudumpha msewu pa sukulu, mamita oonjezerawo palibe amene angatibwereke. Loweruka likubwerali tisanatsuke motoka, tiyambe takhotetsa chiwongolero na kuunika kumbuyo kwa wilo.