Amayi, Mchere Ulibe Mlandu

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nkhotakota pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ku Cape Town ndadzuka, ndipo pakatipa mwezi uno ndi wachisanu ndi chimodzi. Mdzukulu wanuyu usiku amapalasa ngati wakwera bwato.

Mawu munatumiza pa WhatsApp aja ndawamvera katatu. Chakukwiyitsani ndi chithunzi chija ndili m'madzi olekeza m'chiuno, ndipo mwafunsa kuti anandilangiza ndani zoti munthu wapakati n'kumalowa m'nyanja yamchere. Pafoni mayunitsi amathera m'malonje, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndikudziwa kuti kwathu mchere sitisewera nawo. Tinakula tikumva za mdulo, tikuona mayi akuitana kamwana kuti kadzathire mchere m'ndiwo iye ali pomwepo. Nanenso ndinali ndi nthumanzi, mpaka ndinafunsa azamba kusikelo. Anandiuza kuti khomo la chiberekero limatsekeka ndi chinthu chonanda kuyambira miyezi yoyambirira, ndipo mwana amakhala m'nsupa yake. Madzi a m'nyanja safikako. Kenaka anandifunsa funso limene inu simunafunse: "Mukasambira mbali iti?"

Mzinda uno uli ndi magombe awiri osiyana khalidwe. Mbali ya Camps Bay ndi Sea Point madzi ake amaluma. Nyengo yotentha kumawomba mphepo yofanana ndi mwera wathu. Imakankhira kutali madzi ofunda apamwamba, ndiye a pansi penipeni amakwera. Mu Disembala anthu thukuta lili kamukamu pamchenga, koma madziwo ali pa madigiri 12, mwina kutsikirapo. Nyanja yathu ija, ngakhale mu Julaye, sitsika kwenikweni pa madigiri 22. Ndiye ine amene ndinkadzitama kuti ndinaphunzira kusambira ndisanayambe sukulu, chaka changa choyamba kuno ndinangodziponya kuti phava! ngati ndili kwathu. Mpweya unandithawa. Ndinapumira m'mwamba ngati nkhuku yothamangitsidwa, mtima ukugunda m'makutu, mikono itauma. Mwayi wake ndinali poti miyendo imaponda pansi.

Zimenezi si mantha ayi, ndi thupi. Khungu likakumana ndi madzi ozizira mwadzidzidzi, munthu amakoka mpweya asakufuna, ndipo ngati mutu uli m'madzi amakoka madziwo. Mitsempha ya pakhungu imafinyika, magazi amathamanga, mtima umagwira ntchito yowirikiza. Tsono wapakati mtima wake uli kale pa ganyu, chifukwa magazi m'thupi amawonjezeka pafupifupi ndi theka. Apa ndi pamene azamba analimbitsa mawu. BP ikakwera, osalowa. Kukaoneka magazi, osalowa. Nsupa ikasweka kapena madzi akayamba kudontha, ulendo wake ndi wakuchipatala basi, chifukwa chitseko chija chatseguka ndipo tizilombo tingalowe.

Alipo amayi ena kuno amene amalowa m'madzi m'bandakucha chaka chonse, ngakhale mu Juni, atavala kachipewa kokha kumutu. Ena mwa iwo amapitiriza ali ndi pakati. Matupi awo anazolowera kwa zaka. Ine sindipikisana nawo. Pakati si nthawi yophunzirira kupirira chisanu.

Chithunzi chija ndinajambulitsa ku St James, mbali ya False Bay, kumene madzi amafundirako nyengo yotentha. Ndi dziwe lomangidwa ndi khoma m'mphepete mwa nyanja, pafupi ndi njanji. Mafunde amaswekera pakhomapo n'kulowa atatha mphamvu, choncho palibe chondigwetsa kapena kundikokera kwakuya. Ndimapita masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo akamwini anu amakhala pambali panga. Ndimalowa pang'onopang'ono, mawondo kaye, kenaka chiuno, n'kudikira mpweya ukhazikike. Masitepe ake ali ndi ndere zoterera, ndipo ndi mimbayi phazi sindiliona, ndiye ndimagwira dzanja lawo mopanda manyazi. Mphindi khumi zikakwana ndatuluka, ndisanayambe kunjenjemera, chifukwa thupi limapitirira kuzizira ngakhale uli kale kumtunda. Ndimavula zonyowa msanga, kufunda chitenje munandipatsa chija ndi jekete pamwamba, n'kumwa tiyi wa mufulasiki. Mvula ikagwa ndimadikira masiku angapo, poti ngalande za m'tauni zimatsanulira nyansi zake m'nyanja momwemo, ndipo kutsegula m'mimba sindikukufuna panopa.

Mwina mufunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Amayi, ndimaima tsiku lonse, kusita ndi kukolopa m'nyumba za eni. Pofika Loweruka mapazi atupa, msana ukuchita ngati ndasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri. Ndikalowa m'madzi katundu yense uja amanyamulidwa, ndipo madzi amchere amayandamitsa munthu kuposa athu. Mphindi khumi zimenezo ndi zokhazo pa sabata zimene thupi langa limapuma. Komanso ndikatseka maso ndimamva ngati ndili kugombe kwathu, kungosowa fungo la usipa pathandala.

Tsopano nanenso ndili ndi nkhawa yanga. Mwandiuza kuti alamu anga nawonso ndi oyembekezera, ndipo ndikudziwa kuti amachapa ndi kusamba pabango paja tsiku ndi tsiku. Nkhono zofalitsa likodzo sizikhala m'madzi amchere. Zimakhala m'madzi abata ngati amenewo. Likodzo limachepetsa magazi, ndipo wapakati magazi ndiye chuma chake. Mankhwala ake, praziquantel, bungwe la WHO linavomereza kuti amayi oyembekezera angathe kumwa. Chonde muwauze akatchule zimenezi kusikelo ulendo ukubwerawu, makamaka ngati aona magazi pokodza, ndipo madzi osamba azitunga pamjigo.

Mupereke moni kwa atsibweni ndi ana onse.

Ine mwana wanu,
ku Cape Town